Ndili ndi mayuro 70 okha: kodi ndingakaone Capri tsiku limodzi?

Funso

"Zikomo akatswiri. Ndili ku Napoli, m'dziko la Italy, pa maphunziro a miyezi itatu, ndipo kwatsala milungu iwiri kuti ndinyamuke. Tsiku lililonse ndikamapita kukalasi ndimachiona chilumba cha Capri kutsidya kwa nyanja, mtima n'kumangoti dyokodyoko. Anzanga akuti ndisayerekeze n'komwe, ati kumeneko n'kwa eni ndalama, kapu ya khofi yokha imatha ndalama ya chakudya cha tsiku lonse. Ine ndasunga mayuro 70. Kodi angakwane kupita m'mawa n'kubwerako madzulo mwezi uno wa Juni? Nanga phanga la buluu limene aliyense amalitchula lija, ndingalowemo? Chinanso, ndikuopa kukaoneka ngati wosochera pakati pa mabwana. Ndine mtsikana wa zaka 26 ndipo ndipita ndekha."

Yankho

Achemwali, mtima m'malo. Mayuro 70 akwana, ndipo mukasamala mubwerako ndi kachenje. Anzanuwo sakunama, Capri ndi yodula, koma akuuzani theka la nkhani. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu kukonza maulendo a m'dera la Napoli, ndaona kuti chilumbachi chimadyera anthu ndalama pa zinthu ziwiri: kukhala pampando ndi kunyamulidwa. Mukakhala patebulo, pa kabedi ka m'mphepete mwa nyanja, mu takisi kapena m'boti loyendetsa alendo, thumba libooka. Kuyenda ndi miyendo yanu ndi kuyang'ana palibe amene amalipiritsa, ndipo zokongola zambiri za Capri zili m'njira za wapansi momwe galimoto sifikamo.

Ndiyambe ndi chimene chimadulitsa zinthu, kuti mukaona mtengo musaganize kuti akuberani inuyo panokha. Capri ndi kachilumba kakang'ono, masikweya kilomita 10 basi, ndipo okhalako ndi anthu pafupifupi 13,000 m'matauni awiri, Capri ndi Anacapri. Nyengo ya alendo ikafika pachimake, tsiku limodzi pamatha kutsika anthu 16,000, ambiri a iwo obwera m'mawa n'kubwerera madzulo ngati inuyo. Chilichonse chimene khamuli limadya ndi kumwa chimaoloka nyanja. Ngakhale madzi a pampopi amachokera kumtunda kudzera m'mapaipi a pansi pa nyanja, moti mu Juni 2024 madziwo atavuta, akuluakulu a pachilumbachi analetsa alendo kutsika kwa maola angapo. Katundu akafika padoko amamukwezanso phiri, n'kumulowetsa m'tinjira topanikiza pa tingolo toyendera magetsi. Onjezanipo kuti mahotela ndi malo odyera ambiri amatseka nyengo yozizira, ndiye ndalama ya chaka chonse amaipha pakati pa Epulo ndi Okutobala. Kwinako ndi dzina chabe: anthu amalipira kuti akanene kwawo kuti anamwera khofi pa Piazzetta, kabwalo kotchuka ka pakati pa tauni ya Capri.

Ndalama yanu yambiri ithera pa sitima, ndipo apa palibe kozembera. Ku Napoli kuli madoko awiri oyandikana. Pa Molo Beverello pamanyamuka maboti othamanga, omwe amafika pakatha mphindi 45 kapena 50. Pa Calata Porta di Massa pamanyamuka sitima zikuluzikulu zonyamula ndi galimoto zomwe, ndipo yoyenda pang'onopang'ono, yomwe imatenga pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 20, ndiyo yotsika mtengo kuposa zonse. M'zaka zaposachedwapa boti lothamanga lakhala likulipiritsa cha m'ma yuro 25 ulendo umodzi, pomwe sitima yapang'onopang'ono siimafika pa 20. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, choncho funsani ku makampani ake, monga Caremar, SNAV ndi NLG, lisanafike tsikulo. Mu tikiti yopita muli kale msonkho wotsikira pachilumba, womwe kuyambira 2024 ndi mayuro 5 m'miyezi ya Epulo mpaka Okutobala. Wina akakuimitsani padoko kuti mulipire msonkhowu padera, mudutseni.

Ine ndimakonda sitima yapang'onopang'onoyo, ndipo si chifukwa cha mtengo wokha. Mumatha kutuluka panja mphepo ikukuwombani, phiri la Vesuvio lili kumanzere, Napoli akuchepa kumbuyo, pomwe m'boti lothamanga mumakhala m'kati ngati muli mu basi, mawindo ali ndi mchere. Siigwedezekanso kwambiri, zomwe ndi mwayi kwa munthu amene amachita mseru panyanja. Vuto lake n'lakuti imanyamuka kangapo kokha pa tsiku, ndiye tsiku lanu lonse muliyale motengera nthawi zake. Tengani yam'mamawa. Gulani tikiti yobwerera nthawi yomweyo, chifukwa maboti a cha m'ma 5 ndi 6 koloko madzulo amadzaza, ndipo musasankhe boti lomaliza. Chifukwa chake ndichifotokoza kumapeto. Pewaninso Loweruka ndi Lamlungu ngati makalasi akulolani.

Mukatsika pa Marina Grande, lomwe ndi doko la Capri, mulandiridwa ndi anthu onyamula zikwangwani, aliyense akukuitanirani boti lozungulira chilumba kapena takisi yopanda denga. Matakisiwo ndi okongola zedi, ajambuleni, koma ulendo umodzi wa mphindi zochepa ungadye ndalama yonse yotsala m'thumba mwanu. Pitani ku ofesi ya matikiti a basi ndi funicolare, kasitima kokokedwa ndi chingwe komwe kakhala kakukweza anthu phirilo kuyambira 1907. Tikiti yake ndi mayuro awiri ndi kanthu pang'ono, ndipo pakatha mphindi zinayi mwafika pa Piazzetta, kabwalo kotchuka kaja, komwe dzina lake lenileni ndi Piazza Umberto I. Mukafika isanakwane 9 koloko mukapeza operekera zakudya akuyala matebulo, eni mudzi akumwa khofi choimirira. Ikamakwana 11 koloko pamakhala posaponda phazi, mpaka cha m'ma 4 koloko. Nzeru yonse ya tsikuli ndi yoti khamu likakhala uku, inu mukhale uko.

Tsono kuchokera pa Piazzetta musachedwe. Tsatani zikwangwani zolozera ku Arco Naturale, thanthwe lobooka pakati ngati khomo lalikulu, lomwe mukasuzumira mumaona nyanja ili phee kutali pansi. Kuchoka pamenepo pali masitepe otsika m'nkhalango, odutsa pa phanga la Matermania, lomwe Aroma akale analikongoletsa ndipo zotsalira za zipupa zawo zikadalipo. Njirayi, yotchedwa Pizzolungo, imayenda m'mphepete mwa phompho, n'kukuonetsani chapansi nyumba yofiira ya Casa Malaparte itakhala yokha pamphuno ya thanthwe, kenako n'kukutulutsirani pa malo oonera patali otchedwa Belvedere di Tragara, maso ndi maso ndi Faraglioni, miyala itatu ikuluikulu yotuluka m'nyanja yomwe ili pa chithunzi chilichonse cha Capri. Amene alipira boti amaiona kwa mphindi zochepa injini ikulira. Inu mukhoza kukhala pabenchi mpaka mutakhuta, osatulutsa ndi senti yomwe. Ulendowu umatenga ola ndi theka kapena awiri. Muyambire ku Arco Naturale monga ndanenera, chifukwa mukayambira ku Tragara masitepe onse aja muchita kuwakwera.

Ngati mumakonda mbiri, m'malo mwa njira imeneyi mungapite ku Villa Jovis, mtunda wa mphindi 45 wokwera kuchokera pa Piazzetta. Ndi mabwinja a nyumba ya Tiberius, Kaisara amene ankalamulira ufumu wa Roma nthawi imene Yesu ankalalikira. Mfumuyi inasamukira ku Capri m'chaka cha 27 AD, ndipo siinabwererenso kukakhala ku Roma mpaka imfa yake mu 37 AD. Polowa pamalipiridwa ndalama yochepa. Koma musayese kuphatikiza zonse ziwiri m'mawa umodzi pa dzuwa la Juni, sankhani chimodzi.

Pobwerera ku Piazzetta kuchokera ku Tragara mudzadutsa mu Via Camerelle, msewu wa masitolo a zovala ndi zikwama zamtengo wake wosatchulika. Apa ndi pomwe ndiyankhe za manyazi zija. Achemwali, anthu ambiri amene mudzawaone mumsewumo atsika sitima yomwe mwatsika inuyo, anyamula botolo la madzi ndi sangweji m'chikwama, akungoyang'ana pagalasi monga mudzachitire inu. Mabwana enieniwo masana amakhala kuseri kwa mipanda ya mahotela kapena pa maboti awo, amatuluka madzulo alendo a tsiku limodzi atapita. Palibe adzakufunseni kuti mwagona kuti. Valani zoyera bwino ndi nsapato zogwira pansi, musayende m'tauni ndi zovala zosambira, ndipo mukalowa m'sitolo perekani moni wa buongiorno musanafunse kanthu. Ulemu umenewu kumeneko amauwerengera kuposa mtengo wa diresi.

Chapafupi pali Giardini di Augusto, kamunda ka maluwa kolowa ndi ndalama yochepa, pomwe mumaonera pansi Via Krupp, njira yokhotakhota yomwe inasemedwa pathanthwe pakati pa 1900 ndi 1902 ndi ndalama za Friedrich Alfred Krupp, mpondamatiki wa ku Germany. Inakhala yotseka zaka zambiri chifukwa cha miyala yogumuka ndipo anaitsegulanso mu 2023. Mukhoza kupitako ngati nthawi ilipo, koma mukaona Tragara simunatayepo zambiri.

Za chakudya, njira yapafupi ndi kunyamula kuchokera ku Napoli: buledi, tchizi, zipatso, ndi botolo la madzi lodzazanso. Botololi likhale lokhalitsa, chifukwa kuyambira 2019 Capri inaletsa mapulasitiki ogwiritsa ntchito kamodzi, ndipo chindapusa chake chimatha kufika mayuro 500. Mukafuna kugula komweko, funani salumeria, kagolosale kogulitsa tchizi ndi nyama, m'tinjira ta kuseri. Akudulirani buledi n'kuikamo mozzarella, tomato ndi masamba a basilico, zomwezo zimene pa mbale ya m'lesitilanti amazitcha insalata caprese n'kuchulukitsa mtengo kangapo. Khofi mumwe choimirira pakauntala, al banco, monga mwaonera kale ku Napoli. Kapu yomweyo mukaimwera patebulo la pa Piazzetta, mukulipira lendi ya mpando. Mukaganiza zokhala pansi penapake, werengani menyu pakhomo musanalowe ndipo muyang'ane zinthu ziwiri. Choyamba ndi coperto, ndalama imene munthu aliyense amalipira pongokhala patebulo. Chachiwiri ndi mawu oti all'etto pambali pa mtengo wa nsomba, kutanthauza kuti mtengowo ndi wa magalamu 100 okha, osati nsomba yonse. Ndaonapo anthu akutuluka thukuta lisiti itafika chifukwa cha timawu timeneti. Sunganinso tindalama tachitsulo ta kuchimbudzi, poti zimbudzi za aliyense n'zolipira.

Masana, khamu litadzaza ku Capri, kwerani kabasi kopita ku Anacapri. Mabasi ake ndi aang'ono, mzere umatalika, ndipo msewu umadutsa m'mphepete mwa phompho moti amantha amatsinzina. Anacapri ili pamwamba, ndi yodekha, ndipo zinthu zimatsikako mtengo pang'ono. Kuchokera pa Piazza Vittoria pali seggiovia, timipando ta munthu mmodzimmodzi tolendewera pachingwe, tomwe timakukwezani pa Monte Solaro, nsonga yayitali kwambiri pachilumbachi, mamita 589, pa mphindi ngati 13, miyendo ikulendewera pamwamba pa minda ya anthu. Mtengo wake umapitirira mayuro 10. Pa zonse zolipira za ku Capri, ichi ndicho ndingati chimabweza ndalama yake, chifukwa pamwambapo mumaona gombe lonse la Napoli, dera la Sorrento, chilumba cha Ischia ndi Faraglioni zili pansi panu. Ngati thumba lakana, pali njira ya wapansi ya pafupifupi ola limodzi. Ena amakwera ndi mpando n'kutsika wapansi kudzera pa katchalitchi ka Cetrella. Mu Anacapri momwemo muli tchalitchi cha San Michele, chomwe pansi pake ponse ndi chithunzi chimodzi cha matailosi cha mu 1761, choonetsa Adamu ndi Hava akuthamangitsidwa m'munda. Mumayenda pa timatabwa m'mbali kuti musachiponde.

Tsopano phanga la buluu, Grotta Azzurra. Ndilankhula mosabisa: pa mayuro 70, ine sindingakulangizeni. N'lokongoladi. Kuwala kwa dzuwa kumalowera pa bowo la pansi pa madzi, madziwo n'kusefa mitundu yofiira, buluu yekha n'kutsala, moti nyanja imaoneka ngati yayatsidwa kuchokera pansi. Latchuka kuyambira 1826, pomwe mlembi wa ku Germany, August Kopisch, analowamo n'kulilengeza kwa anzake. Khomo lake ndi lalifupi, pafupifupi mita imodzi kuchokera pamadzi, choncho mumalowa m'kabwato kopalasa ka anthu anayi, onse mutagona chagada, wopalasa n'kudikira funde litsike kenako n'kukoka tcheni chomangidwa pathanthwe kuti kabwato kalowe. M'katimo mumakhalamo mphindi zisanu zokha. Kulowa kokha ndi pafupifupi mayuro 18, wopalasa amayembekezera kenakake pamwamba, ndipo mukabwera pa boti kuchokera ku Marina Grande mulipiranso botilo padera. Kudikira kumatha kupitirira ola, mukuwauka padzuwa. Choopsa kwambiri pa thumba n'chakuti nyanja ikangowinduka pang'ono phangalo amalitseka, ngakhale kunja kuli ngwee, ndipo amene analipira kale boti amangozungulira n'kubwerera.

Ngati mtima wakana kumva, pali njira yochepetsera. Ku Anacapri kuli basi yopita ku Grotta Azzurra pa mtengo wa basi wamba. Imakusiyani pamwamba, mumatsika masitepe, n'kukwera kabwato pomwepo osalipira boti lalikulu. Funsani ogulitsa matikiti a basi ngati phanga latsegulidwa tsiku limenelo musanakwere. Paja safunsa anadya phula. Kuwala kumakoma kwambiri cha m'ma 12 mpaka 2 koloko masana, komwenso ndi pomwe mzere umatalika. Mukasankha phanga, ndiye mpando wa Monte Solaro muusiye, chifukwa zonse ziwiri ndalama yanu siifika.

Pobwerera kudoko, m'malo molimbana ndi mzere wa basi, tsikani pa Scala Fenicia. Ndi masitepe 921 osemedwa pathanthwe, ndipo mpaka m'zaka za m'ma 1870, msewu usanamangidwe, anali njira yokhayo yochokera ku Anacapri kupita kudoko. Amayi ankakwera pamenepo atasenza madzi ndi katundu. Amayambira pafupi ndi Villa San Michele, nyumba ya dokotala wa ku Sweden, Axel Munthe, ndipo amakutsitsirani kufupi ndi Marina Grande. Kutsika kumatenga theka la ola kapena kupitirira pang'ono, masitepe ena ndi aatali, ndipo mawondo adzakuuzani mawa lake. Pansipo, kumbali kwa doko, pali gombe losambira laulere. Ndi la timiyala osati mchenga, ndipo gawo lokhala ndi maambulera oyalidwa m'mizere ndi la eni ake, lolipira. Inu yalani nsalu yanu kumene ena ayala matawulo awo. Poti muli nokha, musasiye pasipoti ndi foni pamtunda n'kulowa m'madzi. Kuviika miyendo kukwana.

Tiwerengere limodzi. Sitima kupita ndi kubwera idya pakati pa mayuro 35 ndi 50, malinga ndi imene mwakwera. Funicolare ndi basi imodzi, mayuro 5. Chakudya chonyamula ndi khofi wa pakauntala, osapitirira 10. Mukayenda ndi sitima yotsika mtengo mbali zonse, patsala cha m'ma yuro 20, okwanira mpando wa Monte Solaro, pomwe phanga pamodzi ndi basi yake yopita ndi yobwera lingapitirireko pang'ono. Mukayenda ndi boti lothamanga mbali zonse, tsiku lanu likhala la miyendo yokhayokha, lomwenso si loipa.

Chimene chingawonongedi bajeti yanu si khofi, ndi kugona komweko mosakonzekera. Nyanja ikavuta, maboti othamanga ndi amene amayamba kuimitsidwa, anthu onse n'kukhamukira ku sitima yaikulu. Mukatsala, chipinda chotsika mtengo mu Juni n'chosowa, ndipo chimene mungapeze chingapose ndalama yonse ya ulendowu kangapo. N'chifukwa chake ndinati musasankhe boti lomaliza: likalephereka lanulo, pakhale lina kumbuyo. Onani zanyengo dzulo lake, ndipo ngati alengeza mphepo yamphamvu, sinthani tsiku. Mukaona masana mafunde ayamba kuchita thovu loyera, tsikirani kudoko msanga mukafunse. Khalani ndi khadi ya kubanki kapena ndalama yapadera yoti simuikhudza pokhapokha zitavuta, ndipo mufike padoko kwatsala mphindi 30, chifukwa maboti amaima malo osiyanasiyana ndipo kupeza lanu m'chipwirikiti kumatenga nthawi. M'chikhamu chimenecho chikwama chikhale kutsogolo.

Za thupi lanu, dongosolo ndakupatsanili ndi la munthu wolimba miyendo. Ngati muli ndi vuto la mtima, mphumu, mawondo, kapena ndinu woyembekezera, kaonaneni ndi dokotala musanapite, ndipo masitepe a Pizzolungo ndi Scala Fenicia muwasiye. Kupita ku Tragara kuchokera pa Piazzetta ndi njira yosakwera kwenikweni, ya mphindi 20, ndipo Faraglioni muionabe. Ngati mumachita mseru m'galimoto, pitani ku farmacia, sitolo ya mankhwala ya chizindikiro cha mtanda wobiriwira, akakupatseni mankhwala omwa musanakwere, ndipo muwauze mankhwala ena amene mukumwa. Chipewa ndi madzi musaiwale. Mukamva chizungulire, mutu ukugunda, kapena thukuta lasiya kutuluka kunja kukutentha, khalani pamthunzi, imwani madzi, ndipo zikapanda kusintha imbani 112, nambala ya zangozi yomwe ndi yaulere. Pachilumbachi pali chipatala chaching'ono, koma matenda aakulu amawatumiza ku Napoli, choncho onetsetsani kuti inshuwalansi yanu ya maphunziro ikugwirabe ntchito tsiku limenelo. Nyamulani pasipoti ndi chikalata chanu chokhalira m'dzikolo, poti malamulo a ku Italy amafuna kuti mlendo aonetse apolisi akamufunsa. Uzaninso mnzanu mmodzi ku Napoli nthawi ya boti lanu lobwerera, ndipo m'njira za m'nkhalango muyende dzuwa likadalipo, nthawi imene muli anthu ena.

Zikachitika kuti masiku anu onse omasuka nyanja yawinduka, kapena mitengo ya sitima yakwera kuposa momwe ndanenera, pali Procida, kachilumba ka asodzi ka nyumba zamitundumitundu komwe kanasankhidwa kukhala likulu la chikhalidwe la Italy mu 2022. N'kapafupi ndi Napoli, sitima yake ndi yotsikirapo, ndipo kumeneko mayuro 70 akulolani kukhala patebulo n'kuitanitsa nsomba.